MLANDU SUWOLA: ALIMI OSAUKA A KU AMEREKA NDI THANDIZO LIMENE ANALANDIDWA

M'mwezi wa Marichi chaka cha 2025, pamene chisanu chinali kutha ndipo alimi a ku Amereka anali atagula kale mbeu, atafesa kale m'nazale ndi kulonjeza kale antchito, Unduna wa za Malimidwe wa dzikolo unadziŵitsa maboma a zigawo kuti ndalama zoposa madola 1 biliyoni, zimene unalonjeza kuti zigulire chakudya kwa alimi a m'madera mwawo, sizibweranso. Mwa ndalamazo, madola pafupifupi 660 miliyoni anali a sukulu ndi malo olererako ana, ndipo pafupifupi 420 miliyoni anali a nkhokwe zimene zimagaŵira chakudya anthu osoŵa. Chifukwa chimene akuluakulu a undunawo anapereka n'chakuti ntchito zimenezi zinali za m'nthaŵi ya mliri wa Covid-19 ndipo sizikugwirizananso ndi zolinga zawo. M'mwezi womwewo, unduna womwewo unayamba kulandira mafomu a thandizo la madola 10 biliyoni, limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu Disembala 2024, la alimi a chimanga, soya, tirigu, thonje ndi mbeu zina za m'minda ikuluikulu.

Munthu aliyense amene anagwirako khasu adzifunse yekha: kodi thumba limene mwapezeka madola 10 biliyoni a eni minda yosaoneka malire lingasoŵe bwanji biliyoni imodzi ya mlimi wa kabichi ndi mazira? Ndalama zinalipo. Ndipo anthu amene akuomba m'manja, n'kumati boma la Pulezidenti Donald Trump linachita bwino poletsa kumwaza chuma, ayenera kuyankhidwa mosabisa mau, pakuti bodza likasiyidwa losatsutsidwa limamera mizu, ndipo maŵa lidzalankhulidwa kulikonse kumene mlimi wamng'ono angapemphe thandizo.

Choyamba aŵerengi adziŵe chimene chinaphedwa. Ntchito ya Local Food Purchase Assistance inalengezedwa mu Disembala 2021 ndi madola 400 miliyoni, ndipo pambuyo pake ndalamazo zinaonjezedwa kufika pafupifupi 900 miliyoni. Kayendetsedwe kake kanali kosavuta. Boma la ku Washington linali kupereka ndalama kwa boma la chigawo, kapena kwa maboma a mitundu ya eni dziko amene azungu anaŵapeza kumeneko. Iwoŵa anali kugula ndiwo zamasamba, mbatata, zipatso, mazira, mkaka ndi nyama kwa mlimi wa m'chigawo chomwecho, kapena wokhala pa mtunda wosapitirira mamailosi 400, makamaka alimi a mitundu imene inaponderezedwa kale. Chakudyacho chinali kupita ku nkhokwe za osoŵa ndi kwa mabungwe odyetsa anthu. Pofika kumapeto kwa 2024 alimi oposa 8,000 anali atagulitsako zokolola zawo mwa njira imeneyi. Dola imodzi inali kugwira ntchito kaŵiri: inali kuloŵa m'thumba la mlimi, ndipo inali kuloŵanso m'mimba mwa mwana wanjala.

Amene sanalimeko amaganiza kuti vuto la mlimi wamng'ono ndi kulima. Kulima amakutha. Chimene chimamugwetsa ndi msika. Sitolo zikuluzikulu za ku Amereka zimafuna malori odzaza sabata ndi sabata, chaka chonse, ndi ziphaso zodula, ndi nyumba zoziziritsira katundu. Mlimi wa maekala khumi kapena makumi aŵiri zimenezi sangazikwanitse, kotero tomato wake amaolera m'munda pamene m'tauni yoyandikana nayo ana akugona ndi njala. Koma akakhala ndi pangano lolembedwa lakuti boma ligula zokolola zake pa mtengo woyenera, banki imayamba kumumvera, amagula firiji, amakulitsa khola, amalemba wantchito. Ambiri anachitadi zimenezi pokhulupirira mau a boma lawo, chifukwa mu Disembala 2024 undunawo unali utalengeza madola ena 1.13 biliyoni. Patangopita miyezi itatu, lonjezo lija linasanduka mphepo, ngongole za firiji ndi mbeu zinatsala.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake thandizoli linali kutchula alimi oponderezedwa, ayenera kubwerera m'mbuyo zaka 160. Mu Januwale 1865, nkhondo imene inathetsa ukapolo ili pafupi kutha, mkulu wa asilikali William Sherman analamula kuti malo a m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku South Carolina mpaka ku Florida, agaŵidwe kwa mabanja a akapolo omasulidwa, banja lililonse maekala osapitirira 40. Anthu pafupifupi 40,000 anakhazikika pa malowo nayamba kulima. Chaka chisanathe, Abraham Lincoln ataphedwa, Pulezidenti Andrew Johnson anabwezera malowo kwa eni akapolo akale, anthu omwe aja amene anaukira boma. Mtundu umene unalima thonje, fodya, mpunga ndi nzimbe kwa zaka pafupifupi 250 popanda malipiro unatuluka muukapolo chimanjamanja.

Chotsatira chake chinali thangata, ngakhale kumeneko anali kulitcha dzina lina. Banja linali kulima pa malo a mzungu, kukongola mbeu ndi chakudya m'sitolo ya mzungu yemweyo, ndipo pa nthaŵi yokolola mwini malo ndiye anali kugwira sikelo ndi cholembera. Ana a ku Chiradzulu ndi ku Thyolo safunika kuŵafotokozera zambiri; M'busa John Chilembwe mwini wake, amene anapita ku Amereka mu 1897 nakaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, anakhala pakati pa anthu ameneŵa asanabwere kudzalimbana ndi thangata la ku Magomero. Komabe m'kati mwa masautso otere anthu akudawo anasunga khobidi ndi khobidi nagula malo. Pofika 1910 anali ndi maekala oposa 15 miliyoni, ndipo mu 1920 alimi akuda anali pafupifupi 925,000, ndiye kuti mmodzi mwa alimi asanu ndi aŵiri alionse a m'dzikomo. Kalembera wa zaulimi wa 2017 anapeza kuti atsala osakwana 50,000, pa malo osakwana maekala 5 miliyoni.

Kodi enawo anapita kuti? Alipo amene amati anangotopa ndi khasu nathamangira magetsi a ku Chicago ndi ku Detroit. N'zoona kuti ambiri anasamuka, ena pothaŵa nkhanza, ena chifukwa makina othyola thonje anaŵalanda ntchito. Koma amene anafuna kutsala pa nthaka yawo anakumana ndi mdani wina, wokhala mu ofesi ya boma. Ngongole ndi mathandizo a Unduna wa za Malimidwe zinali m'manja mwa akuluakulu ndi makomiti a m'maboma aang'ono, ndipo m'zigawo za kumwera pafupifupi onse okhala m'makomitiwo anali azungu, kaŵirikaŵiri eni minda oyandikana nawo amene anali kusirira malo a wopemphayo. Mlimi wakuda akafika anali kuuzidwa kuti mafomu atha. Akalemba, fomu inali kusoŵa. Ikapezeka, ngongole inali kutuluka yoperewera, nthaŵi yobzala itadutsa. Mlimi aliyense adziŵa kuti ngongole ya feteleza yofika chimanga chitamasula ndi chingwe cha pakhosi. Akalephera kubweza, munda unali kugulitsidwa, ndipo wogula anali kudziŵika kale.

Panalinso msampha wa malo amasiye. Akuluakulu ambiri, posakhulupirira makhoti a azungu, anamwalira osalemba wilo, kotero munda unali kukhala wa ana ndi adzukulu onse pamodzi popanda chikalata cha munthu mmodzi. Wamalonda wochenjera anali kusaka mdzukulu mmodzi wokhala kutali m'tauni, kugula gawo lake, kenaka kupempha khoti kuti munda wonse ugulitsidwe kuti iye apeze lake. Ndipo popeza banja lotere linalibe chikalata, khomo la ngongole za boma linali lotseka kwa iwo mpaka lamulo la zaulimi la 2018 litafeŵetsako zinthu.

Zimenezi si nthano za pamoto. Bungwe la boma loona za ufulu wa nzika linalemba za tsankho la mu undunawu mu 1965, ndipo mu 1982 linachenjezanso kuti alimi akuda ali pafupi kutheratu. Yankho la boma la Ronald Reagan mu 1983 linali kuphwasula ofesi ya mu undunawo imene inali kufufuza madandaulo a tsankho, kotero makalata a alimi anangounjikana osaŵerengedwa. Mu 1997 mlimi wa ku North Carolina, Timothy Pigford, pamodzi ndi anzake, anasumira nduna Dan Glickman. Mu Epulo 1999 woŵeruza Paul Friedman anavomereza mgwirizano wothetsa mlanduwo, ndipo alimi oposa 15,000 anapambana, ambiri a iwo nalandira madola 50,000 aliyense, ndalama zosakwana n'komwe kugula thirakitala yaikulu yatsopano, kwa munthu amene anataya munda ndi nyumba. Zikwizikwi zina zinamva mochedwa ndipo zinatsekeredwa kunja, mpaka mu 2010 pamene panapezeka madola ena 1.25 biliyoni. Chaka chomwecho boma linagwirizananso ndi alimi a mitundu ya eni dziko pa mlandu wofanana nawo. Boma silimalipira ndalama zotere pa mlandu wopeka.

Nkhani ya New Communities iyenera kukambidwa payokha. Mu 1969 Charles Sherrod ndi mai Shirley Sherrod, pamodzi ndi anzawo omenyera ufulu, anayambitsa munda wa anthu onse pafupi ndi tauni ya Albany m'chigawo cha Georgia, kuti mabanja opitikitsidwa pa malo a azungu chifukwa cholembetsa kuvota apeze pokhala. Mundawo unali wa maekala pafupifupi 5,700, umodzi mwa minda yaikulu koposa ya anthu akuda m'dziko lonselo. Anali kulima mtedza, chimanga ndi soya, kuŵeta nkhumba, ndi kugulitsa zokolola m'sitolo yawoyawo ya m'mbali mwa mseu. Chilala chitagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, anapempha ngongole ya pangozi yoti athirire mbeu. Iwo anakanizidwa, pamene eni minda achizungu oyandikana nawo anali kulandira. Mu 1985 munda unalandidwa. Panapita zaka 24 kuti chilungamo chioneke: mu 2009 anapatsidwa madola pafupifupi 12 miliyoni, ndipo mu 2011 anagula esiteti ya Cypress Pond, ya maekala pafupifupi 1,600, imene kale inali ya mmodzi mwa eni akapolo olemera koposa a ku Georgia. Akuluakulu anati mlandu suwola. Koma maekala 1,600 si 5,700, ndipo ena mwa amene analima munda woyamba uja anamwalira asanamve chigamulo.

Mu Marichi 2021 Nyumba ya Malamulo inapatula madola pafupifupi 4 biliyoni okhululukira ngongole za boma kwa alimi akuda, a mitundu ya eni dziko ndi ena otere. Phokoso limene linabuka linali lochititsa manyazi. Alimi achizungu anathamangira ku makhoti a ku Wisconsin, Florida ndi Texas, mmodzi mwa iwo ali Sid Miller, mkulu wa zaulimi wa chigawo cha Texas, n'kumati akusalidwa. Mabungwe a mabanki nawo anadandaula kuti ngongole zikabwezedwa msanga iwo ataya chiongoladzanja. Mu Juni 2021 makhoti anaimitsa ntchitoyo, ndipo mu Ogasiti 2022 lamulolo linafafanizidwa ndalama zisanafike kwa eni ake. M'malo mwake munabwera lamulo lina losatchula mtundu, ndipo mu Julaye 2024 anthu oposa 43,000 amene anasonyeza kuti anasalidwa pa ngongole za undunawo anagaŵana madola pafupifupi 2 biliyoni.

Otsutsa amati lamulo lisamaone khungu la munthu. Mau okoma zedi! Koma lamulo lomweli linali ndi maso akuthwa zaka zonse pamene linali kulanda. Lachita khungu lero pamene yafika nthaŵi yobweza. Munthu akaba ng'ombe za mnzake, ndiye pa bwalo la mfumu n'kuimirira n'kunena kuti zakale ziiŵalike, kuyambira lero onse aŵiri ayambe mofanana, pamene ng'ombezo ndi ana ake zikadali m'khola mwake, kodi ndi nyakwaŵa iti ingamuombere m'manja? Amatinso pa mlandu wa Pigford panali ena amene analandira mwachinyengo. Ngati analipo, apolisi ndi makhoti ntchito yawo ndi yomweyo. Palibe munthu wanzeru amene amatentha nkhokwe chifukwa mwaloŵa nankafumbwe.

Bodza lalikulu koposa ndi lakuti thandizo limabala ulesi, ndipo msika uyenera kusiyidwa kuti udzisankhire wolimba. Amene amalalikira zimenezi analikuti mu 2018 ndi 2019, pamene boma linakangana ndi China pa zamalonda, soya nasoŵa msika, ndipo alimi analipidwa madola pafupifupi 23 biliyoni? Malipiro otere amaŵerengedwa pa kukula kwa munda kapena kuchuluka kwa zokolola, kotero wa maekala zikwi zisanu amatuta, wa maekala makumi asanu amatola nyenyeswa, ndipo wa ndiwo zamasamba kaŵirikaŵiri sapeza kanthu. Ndalama zikamapita kwa wolemera amazitcha kuteteza ulimi wa dziko. Zikatembenukira kwa mphaŵi zimasanduka kumwaza chuma.

Za ulesi, ayankhe ndi mai Fannie Lou Hamer a ku Mississippi. Maiŵa anapitikitsidwa pa esiteti ya thonje mu 1962 chifukwa chofuna kulembetsa kuvota. Mu 1969 anagula maekala 40 m'boma la Sunflower nayambitsa Freedom Farm, munda wa anthu osauka. Anayambitsanso nkhokwe ya nkhumba: banja linali kulandira nkhumba yabere, ikaswa linali kubweza ana ena kuti apite kwa banja lina. Mundawo unakula kupitirira maekala 600 ndipo unadyetsa mabanja mazanamazana. Unagwa cha m'ma 1976, osati chifukwa anthu anaumira manja, koma chifukwa unali kudalira zopereka za anthu akufuna kwabwino, ndipo nyengo zoipa zitabwera zoperekazo zinaphwa, boma lili chete. Mai Hamer anamwalira mu 1977.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi ya sitolo. N'chinthu chovuta kukhulupirira kwa munthu amene amaona Amereka pa kanema, koma undunawo unaŵerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 19 miliyoni anali kukhala m'madera osauka amene sitolo yaikulu ya zakudya ili kutali, kupitirira mailosi imodzi m'tauni kapena mamailosi khumi kumudzi. Wopanda galimoto amadya za m'zitini ndi zotsekemera za m'kagolosale ka pangodya, ndipo matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi amatsatira. Dziko lonse linaona tanthauzo lake pa 14 Meyi 2022, pamene mnyamata wachizungu anapha anthu akuda khumi m'sitolo ya Tops mu mzinda wa Buffalo. Sitoloyo itatsekedwa kwa miyezi iŵiri, kunapezeka kuti dera lonselo linalibe sitolo ina yaikulu ya zakudya, ndipo anthu olira anafunikanso kuperekedwa chakudya pa malori.

Mankhwala a vutoli anayesedwa ndipo anagwira. Mu 2004 chigawo cha Pennsylvania chinayambitsa thumba lothandiza amalonda kumanga kapena kukonza sitolo za zakudya m'madera onyalanyazidwa. Boma la chigawocho linaikamo madola 30 miliyoni, ndipo ntchito 88 zinathandizidwa, anthu pafupifupi 5,000 napeza kapena kusunga ntchito. Ku Detroit, mzinda umene sitolo zikuluzikulu zinauthaŵa, anthu akuda anasonkhana nayamba kulima m'kati mwa mzindawo, ndipo mu Meyi 2024 anatsegula Detroit People's Food Co-op, sitolo imene eni ake ndi ogula omwewo. Sitolo yokha siithetsa umphaŵi, pakuti munthu wopanda ndalama amatuluka m'sitolo yodzaza ali chimanjamanja. N'chifukwa chake thandizo la mlimi, la wamalonda ndi la wogula liyenera kuyendera pamodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Koma chaka cha 2025 chinagwetsa mizati yonse itatu. Atadula msika wa mlimi mu Marichi, mu Julaye undunawo unalengeza kuti ukuthetsa malikulu 12 othandiza amalonda aang'ono a zakudya, amene anakhazikitsidwa mu 2023 ndi madola 400 miliyoni kuti opera ufa, ophera nyama ndi onyamula zokolola apeze uphungu ndi ndalama zoyambira. M'mwezi womwewo unalengezanso kuti m'ntchito zake zambiri sudzayang'ananso ngati mlimi ali wa mtundu woponderezedwa. Ndipo alimi aang'ono achizungu amene anasekerera poganiza kuti mkwapulo ukugwera akuda okha anadzidzimuka, pakuti thandizo logulira chakudya m'madera silinali la khungu limodzi: mlimi wa mazira wa ku Iowa ndi wa maapozi wa ku West Virginia nawonso anataya msika. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Wogula naye sanasiyidwe. Lamulo limene linasainidwa pa 4 Julaye 2025 linadula thandizo la chakudya lotchedwa SNAP, limene anthu pafupifupi 42 miliyoni anali kulandira, ndi madola pafupifupi 186 biliyoni pa zaka khumi, monga mwa kuŵerengera kwa ofesi ya zachuma ya Nyumba ya Malamulo. Zonsezi zinachitika m'dziko limene limakolola chimanga chochuluka kuposa dziko lina lililonse pa dziko lapansi, limene lipoti la boma lake lomwe linasonyeza kuti mu 2023 anthu oposa 47 miliyoni, mwa iwo ana pafupifupi 14 miliyoni, anali m'mabanja osatsimikiza za chakudya chokwanira, ndipo kuti m'mabanja a anthu akuda linali pafupifupi banja limodzi mwa anayi alionse. Lipoti limeneli linali kutuluka chaka ndi chaka kuyambira m'zaka za m'ma 1990, m'maboma a zipani zonse ziŵiri. Mu Seputembala 2025 Unduna wa za Malimidwe unalengeza kuti likatuluka la chaka cha 2024, ntchito yoŵerenga anthu anjala yathera pomwepo.